Mitsempha Yotupa ya M'miyendo: Tisankhe Mpeni Kapena Singano?

Mwezi uno tafuna kukamba nanu za nthenda imene ambiri a ife timaibisa m'kati mwa chitenje kapena buluku, kufikira tsiku limene idzadziulula yokha. Kwathu idadziulula madzulo ena m'nyengo ya masika chaka chatha. Mayi a kunyumba kwathu adalikutola nkhuni kuseri kwa khitchini, ndipo kachitsotso kadawakanda pamwamba pa kakolo. Bala lake lidali laling'ono, loti ngakhale mwana wa Sitandade 1 sakadalira nalo, koma magazi adatumphuka ngati madzi a paipi yobooka, nadzaza nsapato iwo asanafike pakhonde. Kachitsotsoko kadalasa mtsempha wotupa umene adakhala nawo zaka zoposa 20, chibadwire cha mwana wathu wachitatu.

Anansi adathamangira. Wina adadza ndi nsanza kuti amange ntchafu. Mwamwayi pakati pawo padali mayi wina amene adagwirapo ntchito ya unamwino. Iyeyo adakaniza zomangazo, nagoneka wodwalayo chagada pamkeka, nakweza mwendo pampando kuti phazi likhale pamwamba kuposa mtima, ndipo adatsindira pabalapo ndi nsalu yoyera. Patapita mphindi zowerengeka magazi adaleka. Adatifotokozera kuti kumanga kumtunda kukadangoonjezera vuto, pakuti nsanza imatseka njira yobwerera magazi pamene njira yobwera nawo ikali yotseguka. Phunziro limeneli tikupemphani mulisunge, mungakhale muiwale zina zonse za m'nkhani ino.

M'masabata otsatira tidalandira uphungu wa mitundu itatu. Dokotala wa ku chipatala chachikulu kumene adatitumiza, ataunika mwendowo ndi makina, adati mtsemphawo uyenera kuchotsedwa ndi opaleshoni. Mwana wathu wachisamba, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, adaimba lamya nati, “Bambo, musalole kuti amayi ang'ambidwe. Kuno amachiza ndi laser, munthu n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo akuyenda yekha. Ndalama ndisakasaka.” Azakhali awo a mayiwo nawonso adatuma mau kuchokera kumudzi, kuti magazi oipa ngofunika kuwatulutsa ndi mphini. Onsewa adatifunira zabwino, koma mwendo udali umodzi. Ife ndife anthu a choko ndi bolodi, si a mankhwala ayi. Komabe safunsa adadya phula, motero tidafunsa madokotala, tidawerenga, ndipo zimene tidapeza ndi izi.

Chimene chimaonongeka

Magazi amatsikira kumapazi mosavuta, popeza mtima umawakankha ndipo njira yake njotsetsereka. Ntchito ili pobwerera, pakuti ayenera kukwera chitunda kuchokera kuphazi kufikira kumtima. Zinthu ziwiri zimawathandiza. Choyamba ndi akatumba, amene amafinya mitsempha nthawi zonse tikamayenda. Chachiwiri ndi tizitseko ta m'kati mwa mitsemphayo, totsegukira kumwamba kokha, tonga kachotsekera ka m'mjigo kamene kamaletsa madzi kubwerera m'chitsime. Sing'anga wa ku England, William Harvey, adalongosola ntchito ya tizitsekoti m'buku lake la chaka cha 1628, posonyeza kuti magazi amazungulira m'thupi.

Tizitsekoti tikafooka, magazi amabwerera pansi nadikha, mtsempha n'kufufuma ndi kupindikapindika ngati mizu ya kachere pathanthwe. Mwendo umalemera, umawawa madzulo, umayabwa, ndipo nthawi zina umatupa m'kakolo.

M'mwendo muli mitsempha ya magulu awiri yobweza magazi. Ina ili m'kati mwenimweni, pakati pa minofu, ndipo ndiyo imasenza magazi ochuluka. Ina ili pansi pa khungu. Mwa iyi, wautali umayambira m'kati mwa kakolo nukwera mpaka m'mphechepeche, pamene waufupi umadzera kumbuyo kwa katumba nuthera kuseri kwa bondo. Iwiri imeneyi ndiyo kawirikawiri imayambitsa vutoli. Apa pali yankho la funso limene aliyense amafunsa, lakuti, “Akauchotsa, magazi adzayenda pati?” Adzayenda m'mitsempha ya m'kati ija. Mtsempha woonongekawo udaleka kale kuthandiza, ukungotsitsanso magazi amene inzake yakweza.

Nthendayi imayenda kumtundu. Imakulanso ndi uchembere, ukalamba, kunenepa ndi ntchito zoimirira tsiku lonse, monga uphunzitsi, unamwino, ulonda ndi kugulitsa m'sitolo. Abambo tisadzinamize kuti njaakazi okha. Kafukufuku wa mumzinda wa Edinburgh ku Scotland, wofalitsidwa m'chaka cha 1999, adaipeza mwa amuna 40 pa 100 alionse ndi mwa akazi 32 pa 100 alionse. Kusiyana kwake nkwakuti ife tili ndi buluku lobisira.

Njira ya mpeni

Mantha athu pa mpeni ngakalekale. Wolemba mbiri wachigiriki, Plutarch, adasimba za Gaius Marius, mkulu wa asilikali wa ku Roma amene adamwalira m'chaka cha 86 Khristu asanabadwe. Iye adali ndi mitsempha yotupa miyendo yonse iwiri. Adapereka mwendo umodzi kwa sing'anga osalola kuti amumange, napirira kudulako osabuula. Koma sing'anga atafuna kuyamba mwendo wachiwiri, ngwaziyo idakana, poona kuti kuchirako sikudalingane ndi ululu wake. Masiku amenewo kudalibe mankhwala ogonetsa. Ambiri a ife tikamva mau akuti opaleshoni timaganiza ngati tikali m'masiku a Marius.

Opaleshoni ya lero idayamba kuumbika cha m'ma 1890, pamene Friedrich Trendelenburg wa ku Germany adaonetsa kuti kumanga mtsempha wautali uja m'ntchafu kumaletsa magazi kubwerera pansi. M'chaka cha 1907 William Babcock wa ku America adakonza kawaya kozulira mtsemphawo kuchokera m'kati, ndipo njira imeneyi idakhala yodalirika zaka pafupifupi 100.

Kachitidwe kake nkotere. Wodwala amamgonetsa tulo, kapena amambaya pamsana kuti achite dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika. Dokotala amacheka pang'ono m'mphechepeche, namanga mtsemphawo pamene ukulumikizana ndi wa m'kati. Kenaka amalowetsa kawaya kaja mpaka cha pabondo, nauzula mtsemphawo. Nthambi zotupa za m'munsi amazikoka ndi kambedza kudzera m'timabala tating'ono. Ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Zovuta zake tisazibise. Ntchafu imadetsedwa ndi magazi ogwera m'kati ndipo imapweteka masiku angapo. Bala la m'mphechepeche limatha kutukusira, makamaka kwa anthu onenepa. Timitsempha tomvera kukhudza timene timayenda pafupi timatha kuvulala, n'kusiya malo adzanzi pakhungu. Munthu amapuma pantchito sabata imodzi kufikira atatu.

Njira za singano

Njira zatsopano sizizula mtsempha. Zimautseka uli pomwepo, ndipo thupi limaumeza lokha pang'onopang'ono m'miyezi yotsatira.

Yoyamba njotentha. M'chaka cha 1999 dziko la America lidavomereza makina otenthera mtsempha ndi mphamvu ya mafunde onga a wailesi, ndipo chaka chomwecho dokotala wa ku Spain, Carlos Boné, adafotokoza za kuutentha ndi kuwala kwa laser. Dokotala amabaya singano cha pabondo, nalowetsa kachingwe kopyapyala ngati sipoko ya njinga. Amakayendetsa mpaka pafupi ndi mphechepeche akuyang'ana pa makina ounikira, onga aja ounikira amayi oyembekezera. Kenaka amabaya madzi ochititsa dzanzi kuzungulira mtsempha wonsewo, ndipo madziwo amatetezanso khungu kuti lisapse. Kachingweko kamatentha kwambiri. Ka mafunde a wailesi kamafika madigiri 120, kuposa madzi owira. Pokatulutsa pang'onopang'ono mtsempha umanyala nutsekeka. Wodwala sagonetsedwa, sasokedwa, ndipo amauzidwa kuti ayambe kuyenda nthawi yomweyo. Ambiri amabwerera kuntchito patangopita masiku ochepa.

Yachiwiri njathovu. Mankhwala opsereza m'kati mwa mtsempha amasakanizidwa ndi mpweya mpaka achite thovu, ndipo thovulo limabayidwa mumtsempha. Limakankha magazi, nilikhudza khoma lonse la mtsemphawo kuti limatane. Juan Cabrera wa ku Spain adaitchukitsa njirayi m'zaka za m'ma 1990, ndipo m'chaka cha 2000 Lorenzo Tessari wa ku Italy adaonetsa kapangidwe kosavuta ka thovulo ndi majakisoni awiri olumikizana. Njirayi njotsika mtengo koposa zonse, koma mtsempha umatsegukanso kawirikawiri kuposa m'njira zinazo, kotero kuti ena amabayidwa kangapo. Khungu limathanso kuda motsata mtsemphawo kwa miyezi yambiri.

Yachitatu njomata ndi guluu wa chipatala, amene adavomerezedwa ku America m'chaka cha 2015. Safuna majakisoni ambiri adzanzi, koma ngwokwera mtengo, ena amatupa naye pakhungu, ndipo mbiri yake ikali yaifupi poyerekeza ndi njira zinazo.

Pali chiopsezo chimodzi chimene njira zonsezi zimagawana ndi opaleshoni, ndicho kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'kati. Sichichitika kawirikawiri, koma ndicho chifukwa chake madokotala amaumiriza wodwala kuyendayenda m'malo mogona pamphasa tsiku lonse.

Zikaikidwa pasikelo

Ku Britain adaziyesa njirazi moyang'anizana pa kafukufuku wotchedwa CLASS. Odwala 798 a m'zipatala 11 adagawidwa mwamaere m'magulu atatu: a laser, a thovu ndi a opaleshoni. Zotsatira zoyamba zidatuluka m'chaka cha 2014. Zovuta zochitika pa nthawi ya chithandizo zidagwera munthu 1 pa 100 alionse a laser, 6 pa 100 a thovu, ndi 7 pa 100 a opaleshoni. Pamenepa mwana wathu adanena zoona: njira yotentha njofatsa pathupi.

Koma ofufuzawo adawatsatirabe anthuwo zaka 5, ndipo m'chaka cha 2019 adalengeza zimene adapeza. A laser ndi a opaleshoni adali pabwino mofanana, ndipo magulu awiriwa adaposa a thovu. Tanthauzo lake nlakuti kusiyana kwa laser ndi mpeni kuli m'masabata oyambirira. Zaka zikapita, mwendo sukumbukira kuti udachira ndi chiyani.

Bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za ku England, lidaika ndondomeko yake m'chaka cha 2013 motere: ayambe ndi njira yotentha, ngati siyoyenera kwa wodwalayo, thovu, ngati nalonso siliyenera, opaleshoni. Choncho abale athu okhala ku Britain kapena ku South Africa, amene makinawa ali nawo pafupi ndipo angathe kulipira osagwa m'ngongole, achita bwino kulandira njira yotenthayo.

Komabe mpeni sudathe ntchito. Mtsempha ukakhala wokhotakhota kwambiri kachingwe kaja sikadutsa. Ukakhala pafupi kwambiri ndi khungu pamakhala mantha a kupsa, ndipo ukakula mopitirira sutsekeka msanga. Kuonjezera apo makinawo ngodula, ndipo kachingwe kalikonse kamagwira ntchito pa munthu mmodzi basi, n'kutayidwa. Opaleshoni imangofuna dokotala waluso ndi zipangizo zimene zimaphikidwa n'kugwiranso ntchito. Tidziwenso kuti palibe njira imene imachotsa chibadwa. Mwa anthu ena mitsempha ina imadzatupanso patapita zaka, kaya adachira ndi laser, thovu kapena mpeni.

Mdani weniweni ndi kuchedwa

Titawerenga zonsezi tidazindikira kuti pabanja pathu tidalikukangana za chinthu chaching'ono, chachikulu titachisiya. Magazi akadikha m'kakolo zaka zambiri, khungu limada, limauma nilimba ngati chikopa cha ng'oma, ndipo potsiriza limatseguka n'kukhala chilonda chosapola. Ndani mwa ife sadziwa nkhalamba ina ya m'mudzi imene yamanga nsanza pamwendo zaka ndi zaka, yosiya kupita kumunda ndi kumisonkhano chifukwa cha manyazi a fungo? Zilonda zotere zili ndi magwero osiyanasiyana, koma zambiri zimayamba ndi mitsempha yonga imeneyi.

Pa kafukufuku wina wa ku England wotchedwa ESCHAR, wa anthu 500, wofalitsidwa m'chaka cha 2004, opaleshoni siidafulumizitse kupola kwa chilonda, koma idachiletsa kubweranso. Pakutha pa chaka chidabwerera kwa anthu 12 pa 100 alionse ochitidwa opaleshoni, pamene kwa omangidwa mabandeji okha chidabwerera kwa 28 pa 100. Kafukufuku wotchedwa EVRA, wa anthu 450, wa m'chaka cha 2018, adapeza kuti otsekedwa mtsempha msanga ndi njira za singano adapola pa masiku ngati 56, pamene odikiritsidwa adapola pa masiku ngati 82. Onse awiri akuloza kumodzi: kutseka gwero la chilonda cha mtundu uwu kumathandiza wodwala.

Apa mpamene tiyenera kuwayankha azakhali aja mwaulemu. Magazi a mumtsempha wotupa si oipa ayi, ndi magazi abwino amene asowa njira. Kutema mphini pamenepo ndi kuchita dala chimene kachitsotso kaja kadachita mwangozi, ndipo khungu la pamalo otere silipola msanga. Mphini imodzi ikhoza kukhala chiyambi cha chilonda cha zaka.

Si mtsempha uliwonse wotupa umene ufuna dokotala. Ngati suwawa ndipo khungu lili bwino, munthu akhoza kukhala nawo moyo wake wonse. Aziyenda, azikweza miyendo popuma, achepetse thupi ngati lakula, ndipo asaime malo amodzi nthawi yaitali. Ife aphunzitsi tiziyendayenda pakati pa mabenchi m'malo momera mizu pabolodi. Masokosi othina a kuchipatala amachepetsa kulemera ndi kutupa, ngakhale sakonza tizitseko toonongeka. Okalamba, osuta fodya ndi odwala shuga ayambe ayezetsa ngati magazi akufika bwino kumapazi asanawavale. Amayi oyembekezera sachitidwa chilichonse mwa njira tatchulazi, pakuti mitsempha yambiri imaphwa yokha akachira.

Koma pitani kuchipatala osazengereza mukaona chimodzi mwa izi: mtsempha watuluka magazi, khungu la m'kakolo layamba kuda, kuyabwa kapena kulimba, bala latha masabata awiri osapola, mtsempha walimba nutentha ndi kupweteka. Mwendo wonse ukatupa mwadzidzidzi ndi ululu, pitani tsiku lomwelo, pakuti mwina magazi aundana m'kati. Zipatala zazing'ono zimatumiza odwala otere ku zipatala zazikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi za ku Zomba ndi Mzuzu. Mukafika kwa dokotala, funsani ngati mwendo waunikidwa ndi makina, ngati mitsempha ya m'kati ili yotseguka, ndiponso kuti mtsempha woonongeka ndi uti. Kuunikako nkofunika musanalandire njira iliyonse, pakuti ngati mitsempha ya m'kati idatsekeka, ya pansi pa khungu ndiyo yatsala yonyamula magazi, ndipo siyenera kuchotsedwa.

Mmene tidathera kwathu

Tidabwerera kwa dokotala uja ndi mafunso athu olemba papepala. Iye sadanyoze laser. Adati njabwino, koma adationetsa pa makina kuti mtsempha wa mayiwo udali waukulu, wokhota, ndi woyandikana ndi khungu m'ntchafu, kotero kuti ngakhale kumene kuli makinawo mwina akadasankha mpeni. Adationetsanso kakolo, pamene khungu lidayamba kale kuda. Ife tidakhala nawo m'nyumba imodzi zaka zonsezi osaona zimenezo, popeza chitenje chimafika pansi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo mwamuna wosafunsa za mwendo wa mkazi wake ali ndi gawo lake pa mlanduwo.

Tidamlembera mwana wathu motere: “Mwanawe, mtima wako tauona ndipo tathokoza. Koma pasipoti, ulendo ndi chipatala cha kumeneko zidzadya ndalama zimene ukusungira sukulu ya ana ako, ndiponso zidzatenga miyezi imene mwendo wa amayi ako ulibe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.” Adavuta masiku awiri, kenaka adavomera, natumiza ndalama ya galimoto ndi masokosi aja.

Opaleshoni idachitika m'mwezi wa Ogasiti. Mayiwo adagona kuchipatala usiku umodzi. Sabata yoyamba idali yowawa, ndipo ntchafu idachita bii ngati biringanya. Pa sabata yachitatu adayamba kupita okha kumsika. Pansi pa bondo patsala kamalo kadzanzi konga ndalama yachitsulo, ndipo khungu la m'kakolo silidayererenso, koma silidatseguke. Madzulo sakhalanso pansi ndi kubuula monga kale. Azakhali aja atabwera kudzazonda adauyang'anitsitsa mwendowo, naugwiragwira, ndipo potsiriza adakweza chitenje chawo pang'ono natisonyeza wawo. Mwezi wamawa tidzawaperekeza kukaunikidwa.

Tsono inu abambo ndi amayi, usiku uno nyali isanazime, yang'ananani akakolo. Amene ali ndi mwayi wa singano alandire singano, amene ali pafupi ndi mpeni asauope. Chokhacho chimene tikukupemphani nchakuti musadikire kachitsotso.